Phunziro la Ndalama Litafika ku Komboni

Mwezi wa Malichi ukafika, masukulu a m'makomboni a Lusaka amalandira alendo onunkhira. Amatsika m'galimoto zozizira m'kati, atavala masikipa ofanana, m'manja muli timapepala ndi mabolopeni ogawa. Imeneyo ndi sabata yophunzitsa anthu kasamalidwe ka ndalama, yomwe amatsogolera a Bank of Zambia pamodzi ndi a Pensions and Insurance Authority ndi a Securities and Exchange Commission. Nkhaniyi inayamba mu 2012 pamene boma linakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya maphunziro a zandalama, ndipo silabasi ya 2013 inalowetsa phunziroli m'makalasi. Ndondomeko yachiwiri inabwera mu 2019. Chaka chotsatira kafukufuku wa FinScope anapeza kuti mwa akuluakulu anayi alionse m'Zambia, wodziwa bwino za ndalama sakwana ngakhale mmodzi wathunthu: 23.6 peresenti basi. Ataona kuti ife akuluakulu tinauma kale, anati kuongola mtengo n'poyamba, tiyeni kwa ana.

Koma mwana wa ku komboni si wanthete pa nkhani ya ndalama. Anayamba kutumidwa ku kantemba asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Amadziwa chenji, amadziwa kupempha mbasela, amadziwanso kuima pakhomo ndi nkhope yoongoka n'kunena kuti "amai achokapo" pamene amaiwo ali kuseri kwa chitseko, wangongole ali pabwalo. Buku likakumana ndi mwana wotere pamatuluka nkhani. Izi ndi zomwe zimayenda m'maminibasi ndi m'zipinda zopumira aphunzitsi. Wozikana akafunse kondakitala.

Akuti ku Kanyama madamu ena a Giredi 6 anapereka homuweki: aliyense akalembe bajeti ya mwezi wonse ya kunyumba kwawo. M'mawa mwake kamtsikana kena kanabweretsa pepala la mizere isanu: kapamela kamodzi, mafuta ophikira a m'kapulasitiki, malasha, repu, tomato awiri.

"Iyi ni ya tsiku limodzi," anatero madamu. "Nanga ya mwezi ili kuti?"

"Ba madamu, kwathu mwezi sitiudziwa. Amene amaudziwa ni ba landilodi."

Madamu sanagonje. Analemba pa bolodi mtengo wa thumba la ufa la makilogalamu 25, pambali pake mtengo wa pamela, ufa uja wopimidwa m'timapulasitiki wokwana nsima ya tsiku limodzi. Ana anachulukitsa, anagawa, ndipo zinaoneka poyera kuti wogula pamela tsiku ndi tsiku amalipira zambiri kuposa wogula thumba. Kamtsikana kaja kanathamangira kunyumba ndi uthenga wabwino.

"Amai, tikuluza ndalama! Tizigula thumba!"

Amai sanasiye n'kuvundula komwe. "Samu yako ni yoona mwanawe. Ukawauze ba madamu atigulire thumba loyamba, ise tizipitiriza kuchokera pamenepo."

Mwezi ndi mwezi a Jesuit Centre for Theological Reflection amawerengera ndalama zomwe banja la anthu asanu limafuna kuti lidye ndi kukhala bwino mu Lusaka. Mu 2024 chiwerengerocho chinapitirira K10,000. Chaka chomwecho malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba anali K1,300. Amai a ku Mtendere ndi ku Kalingalinga amene amalawirira kukachapa ndi kukolopa ku Kabulonga amadyetsa ana ndi ndalama imeneyo, renti n'kulipira, mwana n'kuvala nsapato. Ine ndikanakhala wokonza mwambowu, bwenzi galimoto zija zikupita kukatenga amai amenewa kuti akaphunzitse a masikipa ku Cairo Road.

Phunziro lomwe buku limalikonda kwambiri ndi losiyanitsa zofunikadi ndi zongokhumba. Ku Chawama aphunzitsi analemba mzere pakati pa bolodi, zofunikadi kumanzere, zongokhumba kumanja.

"Ndani atipatse chitsanzo cha chinthu chomwe chili panyumba, chimadya ndalama, koma tingathe kukhala popanda icho?"

Mnyamata wa kumbuyo anaimirira. "Amalume a ku Petauke. Anabwera kudzakhala masabata awiri ine nili Giredi 2."

"Manje uli Giredi 7."

"Eee ba ticha. Muwalembe kumanja."

Mnzake wa m'kalasi momwemo anakachitira phunziroli kunyumba. Anamata pepala pakhoma la pabalaza: Mosi ya atate kumanja, wigi ya amai kumanja, ma Jiggies ake kumanzere pamodzi ndi ufa ndi madzi. Makolo ake anali atatha sabata osalankhulana, koma madzulo amenewo anagwirizana mwamsanga, ndipo ndemanga yawo inamveka mpaka nyumba yachitatu.

Ku Kanyama funso linali la jombo: zili mbali iti? Kumbukirani kuti Kanyama anamangidwa pamalo athyathyathya, pansi pali thanthwe, ndiye mvula ikagwa madzi sapita kulikonse, amangokhala n'kumayang'anana ndi anthu.

"Ba ticha, mu Ogasiti jombo ni zongokhumba."

"Nanga mu Januwale?"

"Mu Januwale ni bizinesi. Wovala suti timamubwereka awolokere, wonenepa timamukweza pa wilibala."

Mnyamata wina wa ku Kalingalinga anamva bwino za kusunga. Anapita kwa akalipentala a mumsewu wa Alick Nkhata, aja amapanga mabedi ndi zitseko, nawapempha amukhomere kabokosi kopanda chitseko, kabowo kamodzi pamwamba. Teremu yonse ankaponyamo K1, nthawi zina K2, mpaka vitumbuwa anasiya. Tsiku lotsekera sukulu anabwera nako m'kalasi kuti akatsegule pamaso pa anzake. Atazula misomali anapezamo makobidi atatu ndi timapepala topindapinda.

"Nabwereka K10 ya malasha. Amako."

"K15 ya mayunitsi a magetsi. Atate ako."

Kachitatu kanalibe dzina, kanangoti "Mulungu akudalitse", koma zilembo zinali za achimwene ake.

Aphunzitsi pofuna kumutonthoza anati: "Usalire. Banki imagwiranso ntchito chimodzimodzi. Ndalama zomwe mwasungitsa imabwereketsa ena, ndiye inu imakupatsani chiwongoladzanja." Mnyamata anapukuta misozi, napita kunyumba kukatenga chiwongoladzanja chake.

"Chiwongoladzanja?" anatero amai. "Iwe unakhala m'mimba mwanga miyezi isanu ndi inayi, renti sunalipire. Tiyambe kuwerengera iti?"

Kabokosi kaja tsopano amasungiramo sopo.

Ambuya ena a ku Matero ndiwo anamuvuta mdzukulu wawo. Mwanayo anabwera ndi kapepala ka ku banki nati ndalama za pansi pa matiresi si zotetezeka. Ambuya anamukhazika pansi.

"Iwe unaimva banki ya Meridien?"

"Iyayi ambuya."

"Ndiye khala chete. Mu 1995 ambuya ako aamuna anapita ndi kabuku, anapeza chitseko chotseka ndi mlonda. Matiresi yanga sinatsekepo."

Mwana anayesa njira ina: ndalama za m'nyumba sizikula. Apa ambuya anachita kuwomba m'manja. Anati pa 31 Disembala 2012 anagona ali ndi mamiliyoni awiri, pa 1 Januwale 2013 anadzuka ndi K2,000, a boma atachotsa maziro atatu usiku. "Ndalama za dziko lino sizikula mwanawe, zimafota." Kufotokoza kuti mphamvu ya ndalamazo inali yomweyo n'kutaya malovu. Mpaka lero ku msika wa Soweto akakuuzani kuti tomato ni faifi pini akutanthauza K5, ndipo mwana wobadwa maziro atachoka kale amadziwa kumasulira osaphunzitsidwa ndi buku lililonse.

Chomwe chinawagwedeza ambuya ndi cha pa 31 Malichi 2025, pamene Bank of Zambia inatulutsa ndalama zatsopano: K500 ndi K200 kwa nthawi yoyamba chichotsereni maziro aja, K5 ndi K2 n'kusanduka makobidi. Mdzukulu anawachenjeza kuti zakale zili ndi nthawi yake, akasinthe. Ambuya anatseka chitseko, anatembenuza matiresi, anamasula mfundo za chitenje. Munatuluka za dzana, munatuluka za maziro atatu, pansi penipeni munatuluka za nkhope ya Kaunda.

"Ambuya, izi sizigwiranso ntchito!"

"Nanenso sinigwira ntchito, koma simunanitaye. Bweza momwemo."

A banki ina anapita ku George kukatsegulira ana maakaunti, ndipo kamnyamata kena kanasunga K15 sabata yoyamba. Atafunsa kondakitala mtengo wa basi wopita ku tauni ndi kubwerako, kanakhala pansi ndi pensulo. Lolemba kanauza madamu kuti kapeza njira yosungira ndalama zambiri kuposa onse m'kalasi: kusapita ku banki.

Pa chiwongoladzanja ndi pamene buku ndi komboni zimasiyanirana kutali. Aphunzitsi a masamu ku Matero anafunsa: "Munthu wabwereka K100, chiwongoladzanja ni 10 peresenti pa chaka. Chaka chikatha abweza zingati?"

Kalasi yonse zii. Kenako dzanja limodzi.

"Ba ticha, ameneyo wabwereka kwa ndani? Mutipatseko nambala, amai akuifuna."

Aphunzitsi anaumirira kuti funso liyankhidwe. Mnyamata uja anati: "Yankho la m'buku ni K110. Yankho la ku Matero ni K150 mwezi ukatha, ndipo TV igona kwa eni ndalama mpaka mutsirize."

Ndiyo kaloba imeneyo. Wa kaloba safuna mafomu, safuna kalata ya abwana, sakuuzani kuti mubwerenso Lachinayi. Mwana akadwala usiku, ndalama mumaipeza usiku womwewo, n'chifukwa chake anthu samusiya. Iye amangotenga chikole: TV, firiji, chitupa cha NRC, kapena khadi la ku banki pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi, kuti tsiku la malipiro ayambe ndi iye kutapa. Mukamalipira K50 mwezi uliwonse pa K100, chaka chikatha mwapereka K600, koma K100 ija ikadali pomwepo ikukudikirani. Pa samu zonse za m'silabasi, imeneyi ndi yomwe ndingakonde kuti mwana aliyense aziiloweza, ngakhale ataiwala ya sitima ziwiri zochokera ku Ndola ndi ku Livingstone.

Aphunzitsi nawo si alendo pakhomo la wa kaloba. Mu 2021 boma linachita kulowererapo pa ngongole za ogwira ntchito m'boma, chifukwa ambiri malipiro ankathera m'zodulidwa asanafike m'manja. Ndiye tsiku lina, pa sukulu ina yomwe sinditchula, phunziro linali la kagwiritsidwe ntchito ka khadi la ATM. Aphunzitsi anajambula khadi pa bolodi, ngodya zinayi, manambala pakati. Ana anati chithunzi sichikuoneka bwino, ationetse lenileni. Aphunzitsi anapapasa m'thumba la malaya, anapapasa la buluku, anakhuthula chikwama.

"Pepani, naiwala kunyumba."

Kamtsikana ka patsogolo, kabwino mtima, kanaimika dzanja.

"Ba ticha, simunaiwale. Lili kwathu m'kabati ya atate, pamodzi ndi la ba hedi. Nibwere nalo mawa?"

Tsiku limenelo ana anaweruka msanga.

Ana khumi a Giredi 5 ku George, atamva za kusunga pagulu, anayambitsa chilimba monga amachitira amai awo pamsika: aliyense K2 Lolemba lililonse, mmodzi n'kumatenga K20 yonse mosinthana. Mnyamata wina anapempha akhale woyamba, ati ali ndi vuto la mwamsanga. Analandira Lolemba. Lachitatu banja lawo linasamukira ku Kabwe, ndipo zinadziwika kuti kalata yosinthira sukulu inali italembedwa mwezi wathawo. Asanu ndi anayi otsalawo anapita kwa aphunzitsi misozi ili chuchuchu. Aphunzitsi anatsegula buku, anaona kuti mutu wa sabata yotsatira ndi wa zoopsa zomwe zingagwere ndalama zosungidwa, anangochongapo kuti watha.

Pa mayeso panabwera funso: banki ya m'mudzi, ija amai amasonkhana n'kumabwerekana, imasiyana bwanji ndi banki ya m'tauni? Mwana wina analemba kuti: "Ya m'tauni imatseka chitseko Lamlungu. Ya amai imatseka foni ya msungichuma mu Disembala." Kunena chilungamo, magulu ambiri amagawana bwinobwino chaka chikatha, ndipo nsapato zambiri za sukulu za mu Januwale zimachokera kumeneko. Koma mwanayo anapatsidwa malikisi onse.

Banki yeniyeni ya ku komboni masiku ano ili m'foni ndi m'timabutu tofiira ta Airtel ndi tachikasu ta MTN tomwe tandandalika m'mbali mwa misewu. FinScope yemweyo anapeza kuti ogwiritsa ntchito ndalama za pafoni anali 14 peresenti mu 2015, koma pofika 2020 anapitirira theka la akuluakulu onse. Choncho alendo a masikipa amalimbikira pa lamulo limodzi: nambala yachinsinsi musauze munthu aliyense. Ku Mtendere atanena zimenezi kamtsikana ka Giredi 6 kanaseka mpaka kugwira pamimba. Atakafunsa kanati kunyumba kwawo wodziwa nambala ya ambuya, ya amai, ya azakhali ndi ya amai a nyumba yoyandikana ndi iko kokha, chifukwa eni ake amaiwala ndipo zilembo za pafoni saziona.

"Ndiye umawathandiza mwaulere?"

"Ba ankolo, mwatiphunzitsa nokha kuti ntchito iliyonse ili ndi mtengo. K1 potumiza, K2 potapa."

Kamtsikana komweko ndi kamene kanayankha uthenga uja aliyense m'Zambia anaulandirapo, wa nambala yachilendo, woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Ambuya anali atayamba kale kudandaula kuti mwina ndi a ku mpingo. Iko kanatenga foni n'kulemba: "Ija iti? Amene tili nawo nkhongole ni asanu ndi awiri. Inu ndinu a nambala 8. Khalani pamzere." Wakubayo sanayankhe. Mwina akudikirabe.

Bambo wa inshuwalansi anafika ku Kanyama atakonzeka. Anati inshuwalansi imakutetezani pa tsoka lobwera mosayembekezereka.

"Madzi akalowa m'nyumba mumalipira?" anafunsa mnyamata wina.

"Ngati zachitika mwadzidzidzi, inde."

"Kwathu si mwadzidzidzi. Amabwera Januwale aliyense. Bedi tinaikiratu pa mabuloko."

Bambo anayang'ana wotchi nati nthawi yogawa mabolopeni yakwana.

Za penshoni ana anaphunzira ndi maso. Mu Epulo 2023 linabwera lamulo lolola anthu kutapako 20 peresenti ya zomwe anasonkha ku NAPSA asanapume pantchito, bola asonkha kwa zaka zisanu kapena akwanitsa zaka 45. Mizere inatalika, mabala anadzaza, azibambo omwe ankatchedwa "iwe" anasanduka "ba bosi". Miyezi ingapo itapita madamu ena a ku Chawama anafunsa kuti penshoni n'chiyani.

"Ni sofa yatsopano, TV yaikulu, ndi amai ena amene anabwera kudzachita ndewu pakhomo."

Wina anawongola: "Ba madamu, kwathu atate anagula mabuloko ndi malata. Koma amai ndiwo anawaperekeza ku banki, anagwira malaya kuchokera pakhomo mpaka kubwerako."

Pali phunziro lina loti ndalama uziike pomwe ibereke. Aphunzitsi a ku Chawama anafotokoza za nkhuku, za kantemba, za masheya a pa Lusaka Securities Exchange. Atafunsa ngati pali wodziwa munthu amene ndalama yake imamugwirira ntchito, manja anakwera ambiri. Onse ankanena za amalume, achimwene kapena atate omwe amabetcha mpira.

"Amalume anga amaika K20 pa matimu 15. Akawina agula nyumba ku Ibex Hill."

"Anawinapo?"

"Amatsala pang'ono ba ticha. Imaononga ni timu imodzi chabe."

Timu imodzi imeneyi ndi yotchuka m'makomboni onse. Imasintha dzina ndi yunifomu, lero ili ku England, mawa ku Turkey, koma ntchito yake ndi yomweyo. Aphunzitsi anamuuza mwana uja achulukitse K20 ndi masiku 365. Inatuluka K7,300. Anapita nayo kwa amalume, amene anali chigonere pa mphasa akuyang'ana foni.

"Amalume, pa chaka mumataya K7,300."

Amalume anadzuka, anatenga pepala, analiyang'anitsitsa, nkhope n'kuwala. "Waona? Amako amati ndine lova. Lova angakhale ndi K7,300? Kawaonetse."

Apa kuseka kwanga kumachepa. Malamulo amaletsa wosakwana zaka 18 kubetcha, koma makina a bonanza aimikidwa m'makonde a mabala ndi m'tuntemba momwe ana amadutsa popita kusukulu, ndipo foni sifunsa zaka. Mlendo wa sikipa amabwera kamodzi pa chaka, makinawo amalira tsiku lililonse.

Kuyambira Januwale 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka Giredi 12, ndipo chaka chomwecho boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000. Ana anakhamukira m'makalasi mpaka ena kukhala pansi. Aphunzitsi ankadandaula, koma kamtsikana kena ka ku Mtendere, kogulitsa mafiriziti kuchokera m'chikwama cha mabuku, kanati boma lachita bwino kwambiri: makasitomala awonjezeka kawiri popanda iko kulipira malonda a pa wailesi. Ndiye kunabwera chilala cha 2024, madzi anatsika ku Kariba, magetsi n'kumazima nthawi zina maola oposa 17 pa tsiku. Firiji ya kunyumba inasanduka kabati. Anzake ogulitsa anasiya. Iko kanabwera ndi mafiriziti omwewo ali madzi okhaokha, kanakweza mtengo ndi 50 ngwee, n'kumalengeza kuti awa ndi atsopano, osayambitsa chifuwa.

Madamu anakagwira kakugulitsa nthawi ya phunziro, nalanda katundu yense. Pa nthawi yopuma kutentha kunakula, madamu anamwapo awiri. Poweruka anapeza kapepala pa tebulo: "Ba madamu, awiri K3. Wachitatu ni mbasela. Mukachedwa kulipira muwerenge tsamba lomwe munatiphunzitsa dzulo."

Golosale ina ya ku Kalingalinga ili ndi chizolowezi chopereka maswiti m'malo mwa chenji, ati mangwee kulibe. Mnyamata wina anasunga maswitiwo mwezi wathunthu, nabwera nawo m'kapulasitiki kudzagula buledi. Mwini golosale atakana, iye anati kusukulu anaphunzira kuti ndalama ndi chilichonse chomwe wogula ndi wogulitsa agwirizana, ndipo amene anayamba kugwirizana nazo si iye.

Ana a ku sekondale ndiwo oopsa, chifukwa amamvera nkhani. Aphunzitsi ena ku George analemba pa bolodi ndi choko chofiira kuti munthu asabwereke zomwe sangathe kubweza. Mnyamata wina anaimirira ndi ulemu wonse, manja kumbuyo.

"Ba ticha, bukuli analemba ni a boma?"

"Inde."

"Iwo analiwerengako?"

Mwanayo sankanama. Mu 2012, chaka chomwe ndondomeko yophunzitsa anthu za ndalama inakhazikitsidwa, ndi chomwenso dziko linatenga ngongole yake yoyamba ya Eurobond, madola 750 miliyoni. Mu 2014 linaonjezera 1 biliyoni, mu 2015 linatenganso 1.25 biliyoni. Mu Novembala 2020 linalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni, n'kukhala dziko loyamba mu Africa kulephera kulipira ngongole nthawi ya Covid-19. Panatenga mpaka Juni 2023 kuti mayiko omwe anatibwereka, China ili momwemo, agwirizane ku Paris zotalikitsa nthawi yobwezera madola 6.3 biliyoni. Aphunzitsi anafotokoza zonsezi moleza mtima: ngongole sinafafanizidwe, anangokambirana mwatsopano kuti tizilipira pang'onopang'ono kwa zaka zambiri.

Mnyamata uja analemba zonse mosamala. Anali ndi ngongole ya K18 ya vitumbuwa pa kantemba ka pafupi ndi geti la sukulu, ndipo kwa masabata atatu ankazungulira njira ya kuseri. Tsiku limenelo anapita molunjika, tayi ili m'khosi.

"Ba ankolo, nabwera tikambirane mwatsopano. Sinikukana nkhongole. Nifuna chabe muitalikitse mpaka 2043, zaka zitatu zoyamba nizilipira chiwongoladzanja chabe, monga anachitira a boma ku Paris. Komanso kuti chuma changa chiyambenso kuyenda, munipatseko vitumbuwa viwiri."

Mwini kantemba anapukuta manja pa epuloni, natuluka panja pang'onopang'ono. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja.

"Mfana, Paris uyiona apa?"

"Iyayi ba ankolo."

"Kuno ni ku George. Vula nsapato imodzi, uzaitenga Lachisanu."